Timadontho Titatu

Buledi ndiye anayamba kundiululira.
Lachiwiri m'mawa, mu Juni, kukuzizira,
chibenthu chake chinaima pakati pa chifuwa
monga chimachitira chikepe chathu magetsi akathima,
kukwera osakwera, kutsika osatsika.
Ndinamwera tiyi, chinatsika monyinyirika.
Rosalba sindinamuuze.

Zaka makumi atatu ndang'amba matikiti
pachikepe chokweza anthu phiri la Valparaíso,
ndipo chingwe chikayamba kulira mwachilendo ndimadziwa.
Koma mmero wanga ndinauikira kumbuyo mpaka Seputembala.
Nyama ndinaisiya, kenako mpunga,
lamba ndinaboola kawiri ndi msomali.

Dokotala Urrutia anali asanabadwe
chaka chimene anabele anandimera m'khosi,
ndili mnyamata, ndevu zisanagwirizane.
Ku Santiago, m'chipinda cha pansi pa nthaka,
mayi wina wa zala zozizira anandibaya inki,
timadontho titatu pachifuwa,
kuti makina asasochere.
Ankandiyala pathebulo, n'kunditchingira mapapo ndi mtovu,
n'kutuluka, chitseko cholemera n'kutseka.
Ine ndekha, zii.
Cheza chake chinalibe mtundu, chinalibe fungo.
Milungu isanu. Ndinachira.
Mayi anga anakwera masitepe a tchalitchi chogwada.

Kuchokera apo ndinadya moyo ndi manja awiri.
Ndinakwatira, tinabereka Anselmo ndi Griselda,
ndinapenta nyumba chikasu, mchere wa m'nyanja n'kuisupula,
ndinaipentanso.
Mdzukulu wanga amawerenga timadontho tija ndi chala,
amati agogo anawadontheza cholembera.

Tsopano andimezetsa paipi ya diso kunsonga.
Dokotala watembenuza kompyuta kuti ndione nawo:
kanjira kofiira, konyowa,
ndipo pokhota pakhala mlendo, watambalala.
Akuti si chotupa chimene amachiona masiku onse,
dzina lake ndi lalitali, analilemba papepala,
pa ntchito yake yonse wakumana nacho kamodzi.
Wapeza faelo yanga yakale, mapepala achita dzimbiri,
wasanjika mapu a kale pa chithunzi cha lero.
Mlendo uja wakhala pakati penipeni pa timadontho titatu.

Sindingalumbire kuti n'chifukwa chake, akutero,
koma makina a nthawi imeneyo ankaotcha motambalala,
a lero amalasa pamalo.
Nanga bwanji osandiotchanso? ndafunsa.
Wapukusa mutu: mnofu suiwala, umasunga chiwerengero,
pamenepo panalandira kale mlingo wake.
Watsala ndi mpeni.
Adzadula kanjirako, n'kukoka chifu kuti chikwere,
ndizidzagona chotsamira, ndizidzadya ngati mbalame.

Usiku ndinafuna woti ndimukwiyire.
Mayi wa zala zozizira uja? Mwina anagona kalekale,
ndipo akanapanda kundilemba
bwenzi udzu utamera n'kuuma kambirimbiri pa ine.
Amati moto umapita kumene kwatsala tchire.
Wanga unazimitsa moto unzake,
khala limodzi n'kubisala m'phulusa,
kudikira ndimalize kulera ana.

Ndiye ndayesa kuwerengera monga ndimatsekera kaundula madzulo:
mbali ino zaka makumi anayi, ukwati, ana awiri,
mbali inayo chibenthu cha buledi.
Masamuwo akutuluka bwino.
Koma manja akunjenjemerabe.

Rosalba wasefa msuzi wa nsomba kawiri,
wachotsa minga, wachotsa anyezi, wachotsa chilichonse chotafuna.
Sanandifunse chifukwa chimene ndinabisira.
Wangoika mbale, supuni yaing'ono, n'kukhala moyang'anana nane.
Pansipo sitima ikulira padoko,
chikepe chikukwera ndi mnyamata wina pampando wanga.
Lolemba adzandijambulanso pachifuwa, ndi cholembera chofufutika.
Ndamufunsa dokotala ngati timadontho tija tidzatsale.
Waseka, wati mwina tiwiri.

Ndameza supuni yoyamba.
Tonse awiri tikumvetsera pomwe yafika.